Tsiku Lokumanitsa Mazira ndi Umuna wa Ng'ombe mu Labotale: Zoyenera Kuchita Mwandondomeko

Kupanga miluza ya ng'ombe mu labotale ndi ntchito ya masiku 8 kapena 9, kuwerengera kuyambira pamene mazira atengedwa m'thupi la ng'ombe yaikazi kufikira pamene mluza wakula mokwanira kuti uikidwe m'chiberekero cha ng'ombe ina. Pa masiku onsewa, lomwe lili ndi ntchito yambiri ya manja, komanso lomwe kulakwitsa kwake sikukonzeka, ndi lachiwiri, pamene umuna umaikidwa m'mbale imodzi ndi mazira okhwima. Anthu a mu labotale amalitcha tsiku la ziro, chifukwa msinkhu wa mluza amauwerenga kuchokera pa tsikuli. Malangizo awa ndi a tsiku limeneli ndi madzulo a dzulo lake, ndipo ndawalembera munthu amene akudziwa kale kugwira pipeti ndi kuyang'ana pa maikulosikopu, monga wophunzira za ziweto kapena wothandizira dokotala wa ziweto.

Njira imene ndikufotokoza inakhazikika m'zaka za m'ma 1980. Thole loyamba kubadwa kuchokera ku dzira lokumana ndi umuna kunja kwa thupi linali Virgil, lomwe linabadwa mu 1981 pa ntchito ya Benjamin Brackett ku yunivesite ya Pennsylvania, ku America, ngakhale kuti dzira lake linakhwimira m'thupi la mayi ake. Chimene chinkavuta masiku amenewo chinali kuukonzekeretsa umuna wa nkhunzi kuti uthe kuboola dzira, popeza mbewu ya umuna ikangotuluka m'thupi siingalowe m'dzira mpaka itasintha kaye m'njira ya mazira ya ng'ombe yaikazi. John Parrish ndi anzake ku yunivesite ya Wisconsin anasonyeza kuti heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amachititsa kusintha komweku m'mbale, ndipo malabotale ambiri padziko lapansi akutsatabe njira yawoyo mpaka lero.

Madzulo a dzulo lake

Yambani ndi kutsimikiza nthawi imene mazira analowa mu mediyamu (madzi a michere osungiramo maselo) yowakhwimitsa, ndipo muilembe pa chivundikiro cha mbale. Mazira a ng'ombe amafuna maola 22 mpaka 24 kuti akhwime, ndipo ntchito yonse ya mawa iyenera kukonzedwa potengera ola limenelo. Dzira likakumana ndi umuna lisanakhwime silipita patali, pomwe likadikira mopitirira limakalamba, ndipo dzira lokalamba limalola mbewu zingapo kulowa nthawi imodzi. Ngati mazira analowa 11 koloko m'mawa lero, umuna uyenera kukhala utakonzeka pofika 9 kapena 10 koloko mawa, kutanthauza kuti kusungunula kachubu ka umuna kuyambe ola limodzi nthawiyi isanakwane.

Kenako konzani mediyamu yokumanitsiramo, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Fert-TALP. Imeneyi ndi madzi a mchere wa Tyrode okhala ndi bicarbonate wa 25 mM, lactate wa 10 mM, pyruvate wa 0.2 mM, kashiamu wa 2 mM, ndi albumin ya ng'ombe yochotsedwa mafuta yokwana mamiligalamu 6 pa mililita imodzi. Musaikemo shuga wa glucose. Mfundo imeneyi imadabwitsa oyamba kumene, popeza amaganiza kuti umuna ukufuna chakudya kuti usambire, koma pa nkhunzi glucose amachedwetsa kusintha kumene heparin akufuna kubweretsa, chifukwa mbewu ikamamudya m'kati mwake mumachuluka asidi. Mphamvu zosambirira umuna umazipeza mu lactate ndi pyruvate. Madzi osungunulira michereyi akhale oyeretsedwa kotheratu, a mlingo wa 18.2 megaohm, ndipo mediyamu ikatha kusakanizidwa muisefe ndi sefa ya mabowo a 0.22 maikulomita. Ngati muli ndi chida choyezera kuchuluka kwa michere, onani kuti chikuwerenga pakati pa 280 ndi 300 mOsm.

Mukatero pangani madontho. Njira yofala ndi kuika madontho a mamaikulolita 50 pansi pa mbale ya pulasitiki n'kuwaphimba ndi mafuta a mineral oil, dontho lililonse n'kulandira mazira 10. Ena amakonda mbale ya zitsime zinayi, mamaikulolita 500 m'chitsime chilichonse ndi mazira pafupifupi 50. Zonse ziwiri zimagwira ntchito, koma ine ndimalangiza madontho pamene mazira achokera ku ng'ombe zamoyo zosiyanasiyana, chifukwa mazira a ng'ombe iliyonse amakhala paokha ndipo thole likadzabadwa mayi ake amadziwika popanda kukayika. Mafuta amateteza dontho kuti lisaume ndiponso amachedwetsa kuzizira, koma mafuta omwewo akakhalitsa kapena akakhala pa dzuwa amasanduka poizoni wa miluza popanda kusintha maonekedwe. Muziwasunga mu mdima, ndipo botolo latsopano muziliyesa kaye pa mazira a ku malo ophera ng'ombe musanaligwiritse ntchito pa mazira a ng'ombe yamtengo wapatali.

Mbale zonsezi zigone usiku wonse mu inkyubeta, bokosi losunga kutentha ndi mpweya pa mlingo umodzi. Ngati sizinatheke, zikhalemo maola osachepera awiri, ngakhale kuti dontho lophimbidwa ndi mafuta limachedwa kulandira mpweya kuposa mediyamu yosaphimba.

Kutentha ndi mpweya wa mu inkyubeta

Apa m'pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa zambiri zimene anthu amanamizira nkhunzi kapena mediyamu zimayambira mu inkyubeta. Thupi la ng'ombe limatentha pafupifupi madigiri 38.5, kuposa la munthu, choncho inkyubeta iikidwe pa 38.5, ndipo malabotale ena amafika pa 39. Ma inkyubeta ambiri amabwera atatcheredwa pa 37, poti anapangidwira maselo a munthu, ndipo pa kutentha koteroko mbewu zimene zimalowa m'mazira a ng'ombe zimachepa. Musakhulupirire nambala yowala pa chitseko. Ikani themometa yodalirika m'kabotolo ka madzi pa shelefu imene mbale zimakhala, ndipo muziiwerenga m'mawa uliwonse musanachite china chilichonse. Ndinagwirapo ntchito milungu ingapo ndi inkyubeta imene chitseko chake chinkaonetsa 38.5 pomwe m'kati munali mozizirirapo ndi pafupifupi digiri yathunthu. Mazira ankagawikana ochepa, tinasintha nkhunzi, tinasintha heparin, tinataya mediyamu yabwinobwino, mpaka tsiku limene mnzanga anaikamo themometa ya galasi. Mazira amene tinaononga pa nthawi imeneyo amandipwetekabe mtima.

Mpweya wa CO2 ukhale 5 peresenti, ndipo ntchito yake ndi kugwirizana ndi bicarbonate kuti pH, mlingo wa asidi mu mediyamu, ikhazikike pafupifupi pa 7.4. Pali chinthu chimodzi chimene mabuku olembedwa m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja zamchere satchula kawirikawiri. Malo akakwera, mpweya umapepuka, ndipo 5 peresenti yomweyo imalowetsa CO2 wochepa mu mediyamu, pH n'kukwera. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, kotero labotale ya kumeneko ingafunike kutchera CO2 pakati pa 5.5 ndi 6 peresenti kuti ipeze pH yofanana ndi ya labotale ya kugombe. Cholinga chanu ndi pH, osati nambala ya peresenti, choncho yezani pH ya mediyamu imene yagona mu inkyubeta, mwachangu isanataye mpweya wake. Ngati mediyamu ili ndi phenol red, utoto wosintha mtundu potengera pH, maso anu akuthandizani: mtundu wofiirira ndiwo wabwino, ukayamba kupita ku pepo ndiye kuti CO2 wathawa, ukapita ku chikasu ndiye kuti asidi wachuluka kapena mwalowa mabakiteriya.

Pa tsiku lokumanitsa, malabotale ambiri amasiya okosijeni wa mumpweya wamba, wa pafupifupi 20 peresenti, ndipo amadzatsitsa kufika pa 5 peresenti pamene miluza yasamutsidwira mu mediyamu yokulira. Thireyi ya madzi ya pansi pa inkyubeta isaume. Komanso, kulikonse kumene magetsi amathimathima, inkyubeta ndi sitovu yofunditsira mbale zilumikizidwe ku mabatire kapena jenereta yodzuka yokha, popeza maola otsatira kuthira umuna ndi amene mbewu ikulowa m'dzira.

Kunja kwa inkyubeta, dzira lokhwima ndi losachedwa kuonongeka ndi kuzizira. M'kati mwake muli timaulusi togwira ma chromosome pamzere, ndipo timeneti timamasuka dzira likazizira ngakhale kwa mphindi zochepa. N'chifukwa chake pansi pa maikulosikopu pamafunika mbale yofunda ya madigiri 38.5, machubu akhale m'chofunditsira, ndipo ntchito iliyonse yapanja ichitikire mu mediyamu ya HEPES, imene pH yake siidalira CO2. Mbale ya bicarbonate isakhale panja kupitirira mphindi ziwiri kapena zitatu.

Kukonza umuna

Tulutsani kachubu ka umuna mu thanki ya nayitirojeni wamadzi, amene amazizira madigiri 196 pansi pa ziro, pogwiritsa ntchito chopanira, ndipo kanisitala musaikweze kupitirira khosi la thanki kuti timachubu totsalato tisafunde. Kaponyeni m'madzi a madigiri 35 mpaka 37 kwa masekondi 30. Kapukuteni mpaka kaume, chifukwa kadontho kamodzi ka madzi kakalowa m'kati kamapha mbewu, werenganinso dzina la nkhunzi lolembedwa pa kachubupo, kenako dulani. Ikani kadontho pa galasi lofunda ndi kuyang'ana. Ngati mbewu zosambira molunjika ndi zochepa kwambiri, ndi bwino kusungunula kachubu kena nthawi yomweyo kusiyana n'kudzazindikira vutoli ntchito yonse itatha.

Umuna wa m'kachubu uli pamodzi ndi mbewu zakufa, glycerol, ndi yolk ya dzira la nkhuku kapena mkaka umene anausungiramo, ndipo zonsezi ziyenera kuchoka. Njira yodalirika ndi ya Percoll, madzi olemera olekanitsira maselo, woikidwa m'magawo awiri. M'chubu cha mamililita 15 ikani mamililita 2 a Percoll wa 90 peresenti, ndipo pamwamba pake tsanulirani pang'onopang'ono mamililita 2 a wa 45 peresenti, chubu chili chopendekeka, kuti malire a magawo awiriwo aoneke bwinobwino mukachiyang'ana moloza kuwala. Malirewo akasokonekera, yambaninso. Percoll akhale atafunda kale, osati wochokera mufiriji. Ikani umuna pamwamba penipeni, ndipo zunguzani mu centrifuge, makina ozunguza machubu, pa 700 g (g ndi mlingo wa mphamvu yozunguzira, osati magalamu) kwa mphindi 15. Mbewu zamoyo ndi zokhwima zimakhala zolemererapo, motero zimadutsa magawo onse n'kukaunjikana pansi ngati kadontho koyera, pomwe zakufa ndi zinyalala zimatsakamira m'malire. Yamwani zapamwamba zonse mosamala kuyambira kumtunda, tengani kadontho koyerako ndi nsonga yatsopano ya pipeti, kasungunuleni mu Sperm-TALP, mediyamu yotsukira umuna, yofunda, ndipo zunguzaninso pa 300 g kwa mphindi 5 kuti Percoll yense achoke.

Ilipo njira ina yongosiya umuna pansi pa mediyamu kwa ola limodzi kuti mbewu zamphamvu zisambire zokha kupita pamwamba. Imapereka mbewu zabwino koma zochepa, choncho siikwanira pamene kachubu ndi kamodzi kokha ndipo mazira ndi ambiri.

Tsopano werengani mbewu, ndipo musadumphe sitepe imeneyi podalira maso. Sakanizani mamaikulolita 5 a umuna wotsukidwa ndi mamaikulolita 95 a madzi wamba, amene amapha mbewu kuti zisayende, ndipo thirani pa galasi lowerengera la Neubauer. Mwa mabokosi 25 a pakati, werengani asanu, anayi a m'makona ndi limodzi la pakati. Nambala imene mwapeza muichulukitse ndi 5, kenako ndi 20, kenako ndi 10,000, ndipo yankho lake ndi mbewu za mu mililita imodzi. Mwachitsanzo, mukapeza mbewu 25, ndiye kuti muli ndi mbewu 25 miliyoni pa mililita. Mlingo umene ambiri amayambira ndi mbewu 1 miliyoni pa mililita imodzi ya mediyamu yokumanitsiramo, kotero dontho la mamaikulolita 50 likufuna mbewu 50,000, zomwe pa chitsanzo chathuchi ndi mamaikulolita 2, pomwe chitsime cha mamaikulolita 500 chikufuna mamaikulolita 20. Werengani mbali zonse ziwiri za galasilo, ndipo zikasiyana kwambiri sakanizaninso n'kubwereza.

Heparin, nkhunzi ndi kukumanitsa

Mazira muwatulutse mu mediyamu yokhwimitsira pamene umuna uli mu centrifuge kachiwiri. Dzira lokhwima bwino limaoneka litazunguliridwa ndi maselo a cumulus otambasuka ngati mtambo, onanda moti pipeti ikakoka limodzi, anzake amatsatira. Musawachotse maselo amenewa, chifukwa pa ng'ombe amathandiza kusankha ndi kukonzekeretsa mbewu, ndipo mazira ovulidwa asanakumane ndi umuna amabereka miluza yochepa. Atsukeni kawiri kapena katatu mu mediyamu ya HEPES, kamodzi mu Fert-TALP, kenako muwaike m'madontho mosatengera madzi ambiri otsukira.

Heparin ndi PHE zimalowa m'dontho nthawi yochepa umuna usanalowe. PHE ndi msakanizo wa penicillamine, hypotaurine ndi epinephrine, womwe umathandiza mbewu kusambira nthawi yaitali, ndipo mlingo wake wofala m'dontho ndi 20, 10 ndi 1 maikulomola motsatana. Epinephrine amaonongeka ndi kuwala, choncho PHE muzimugawa m'timachubu ting'onoting'ono tokulungidwa ndi foyilo, muzimusunga pa madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo kachubu kamene kasungunulidwa kasabwererenso mufiriji.

Za heparin, mabuku ambiri amalemba mamaikulogalamu 10 pa mililita, ndipo ndi poyambira pabwino, koma si lamulo. Nkhunzi zimasiyana kwambiri m'mbale, ngakhale zimene zimapereka bere mofanana pobereketsa ng'ombe ndi jakisoni. Ina imafuna heparin wochepa, mwina mamaikulogalamu 2 okha, ndipo mukaipatsa 10 mbewu zake zimalowa ziwiri kapena zitatu m'dzira limodzi. Ina imafuna wochuluka kapena mbewu zowirikiza kawiri kuti ilowe n'komwe. Choncho nkhunzi yatsopano iliyonse iyesedwe kaye pa mazira a ku malo ophera ng'ombe, ndi milingo itatu ya heparin komanso milingo iwiri ya mbewu, ndipo zotsatira zake zilembedwe pa khadi la nkhunziyo pamodzi ndi nambala ya gulu la timachubu, popeza ngakhale umuna wa nkhunzi imodzi wotengedwa masiku osiyana ungasiyane. Ndikudziwa kuti kuyesa kumeneku kumadya timachubu tiwiri kapena titatu ta ndalama zambiri, koma kuluza mazira onse a ng'ombe yabwino ya mkaka chifukwa cha mlingo wongoganizira n'kodula kuposa pamenepo. Umuna wosankhidwa kuti ubereke mathole aakazi ndiwo ufunika kuyesedwa koposa, chifukwa kachubu kake kamakhala ndi mbewu zochepa, ndipo makina osankhira amakhala ataziyambitsa kale kusintha, moti kawirikawiri zimafuna heparin wocheperapo.

Thirani umuna m'mphepete mwa dontho, osati pamwamba pa mazira, ndipo yang'anani dontho lililonse pa maikulosikopu kuti muone mbewu zikusambira. N'zosavuta kudumpha dontho limodzi pamene mbale ndi zambiri, choncho muziika chizindikiro pansi pa mbale mukangothira. Siyani dontho limodzi la mazira ochepa opanda umuna. Amenewa ndi mboni yanu: akadzagawikana ambiri okha, ndiye kuti mazira anali okalamba kapena china chake chinawadzidzimutsa, ndipo kugawikana kumene mukuona m'madontho enawo sikungadaliridwe. Lembani ola, bwezerani mbale mu inkyubeta, ndipo chitseko chisatsekulidwenso mwachisawawa.

Mbewu zimayamba kulowa m'mazira pakatha maola 4 mpaka 6. Ambiri amasiya mazira ndi umuna pamodzi kwa maola 18 mpaka 20, makamaka chifukwa nthawiyi imagwirizana ndi m'mawa wa tsiku lotsatira. Pa nkhunzi imene imalowetsa mbewu zambiri m'dzira limodzi, kufupikitsa nthawi kufika pa maola 8 kapena 10 kumathandiza, ngakhale kuti kumafuna kuti munthu abwerere ku labotale usiku.

M'mawa mwake ndi kuwerenga zotsatira

Tulutsani mazira, muwaike m'chubu chokhala ndi mediyamu ya HEPES yochepa, ndipo muwagwedeze pa vortex, makina ogwedeza machubu, kwa mphindi 2 mpaka 4 kuti maselo a cumulus ndi mbewu zomatirira zichoke. Tsukani khoma la chubu kawiri, chifukwa mazira ovulidwa amakonda kumatirira pamenepo, ndipo werengani kuti mutsimikize kuti abwerera onse. Atsukeni katatu n'kuwasamutsira mu SOF, mediyamu yotsanzira madzi a m'njira ya mazira imene Tervit ndi anzake anaifotokoza mu 1972, ndipo muwaike mu mpweya wa 5 peresenti CO2, 5 peresenti okosijeni ndi 90 peresenti nayitirojeni.

Pamene mukuyesa nkhunzi, patulani mazira 15 kapena 20 pa gulu lililonse pa ola la 18, muwaumitse mu msakanizo wa gawo limodzi la acetic acid ndi magawo atatu a ethanol, ndipo muwapake utoto wa orcein, kapena mugwiritse ntchito utoto wowala wa Hoechst ngati maikulosikopu yanu ili ndi nyale yake. Mazira a ng'ombe ndi akuda ndi mafuta, choncho popanda utoto simungaone za m'kati mwake. Dzira limene lakumana bwino ndi umuna limaonetsa timipira tiwiri, kamodzi ka mayi ndi kena ka bambo. Timipira titatu kapena kuposa tikutanthauza kuti mwalowa mbewu zingapo, ndipo dzira lotero likhoza kugawikana mokongola masiku oyamba koma silidzakhala thole.

Pakatha maola 48 chithirireni umuna, labotale yoyenda bwino imaona mazira 70 mpaka 85 mwa 100 aliwonse atagawikana, ndipo pa tsiku la 7 kapena la 8 pafupifupi 30 mpaka 40 mwa 100 amafika pa msinkhu wa blastocyst, mluza wokhala ndi mphako ya madzi m'kati, wokula mokwanira kuikidwa m'chiberekero. Manambala awiriwa muziwawerenga pamodzi. Kugawikana kukachepa, bwererani ku zimene zinachitika pa tsiku la ziro: themometa, pH, kawerengedwe ka mbewu, heparin, ndi ola limene mazira anatuluka. Kugawikana kukakhala kwabwino koma ma blastocyst n'kuchepa, yang'anani kaye mazira opakidwa utoto aja kuti muone ngati mbewu sizinalowe zambiri, ndipo pokhapokha akakhala opanda vuto limeneli m'pamene mungakayikire mediyamu yokulira, mafuta, kapena thanzi la ng'ombe zimene zinapereka mazira.

Mtundu wa ng'ombe nawo uli ndi mbali yake. Chiyambireni 1988, pamene akatswiri a ku Utrecht ku Netherlands anafotokoza njira yoyamwa mazira m'ng'ombe yamoyo motsogozedwa ndi sikani, dziko la Brazil lapita patsogolo kwambiri pa ntchito imeneyi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti ng'ombe za linunda monga Nelore zimapereka mazira ambiri pa ulendo umodzi kuposa ng'ombe za mkaka za ku Ulaya monga Holstein. Choncho poyerekeza zotsatira za milungu yosiyana, muzilemba mtundu wa ng'ombe pambali pa manambala.

Pomaliza pali nkhani ya matenda. Matumba a mazira ochokera ku malo ophera ng'ombe amafika popanda mbiri ya thanzi la ng'ombe zake, ndipo chikopa cha mluza wopangidwa mu labotale chimagwira tizilombo monga kachilombo ka BVD, koyambitsa matenda otsekula m'mimba mwa ng'ombe, mwamphamvu moti kutsuka sikukachotsa kotheratu, mosiyana ndi mluza wokulira m'thupi. Mazira otere ndi oyenera kuphunzirira ndi kuyesera nkhunzi, mafuta ndi mediyamu. Miluza yokaikidwa m'ng'ombe za alimi ichokere ku ng'ombe zoyezedwa ndi dokotala wa ziweto, ndipo magulu awiriwa asagwiritse ntchito mbale, nsonga za pipeti kapena shelefu imodzi ya mu inkyubeta.